Khoma Lopanda Chipsera

"Werenganinso, achemwali, mwina mwadumpha mzere," anatero Levulo, chipewa atachikankhira kunkhongo.

Mlongo wakeyo anabweza chala pamwamba pa pepala n'kuyambiranso. Mapepalawo analipo asanu ndi atatu, omatidwa pakhoma la shopu ya Wometa, ndipo anthu anali atawaunjirira ngati nyerere pa fupa. Unali mndandanda wa mabanja opatsidwa malo ku mafulati atsopano, kutsidya kwa njanji. Dera lawo lonse, la m'mbali mwa ngalande yaikulu, linali loti ligumulidwe mvula isanagwe kuti padutse msewu.

"Dzina lanu lilipo, achimwene. Nambala 214. Langa palibe."

"Palibe bwanji? Munthu wa msinkhu wonsewu angakusoweni? Ayenera kuti alemba kuseri."

Kuseri kwa pepalalo kunali khoma.

Levulo anali mmisiri womanga nyumba, ndipo dzinali analitengera ku kachida kake koyezera makoma, kamene sikankachoka m'thumba la kumbuyo ngakhale popita ku ukwati. Anali atayenda munthuyu. Mizinda isanu ndi iwiri, mayiko anayi, ndipo aliyense m'deralo ankaidziwa pamtima chifukwa mwini wake sankatopa kuitchula. Anamangapo hotela kumzinda wa kudoko, kumene sitima zimalira ngati ng'ombe zanjala. Anapakapo pulasitala pansanjika ya makumi awiri kumzinda wa kuchipululu, kumene ankati dzira limapsa pafosholo. Anachoka kwawo ndi malaya amodzi, anabwerako ndi luso loti akayala njerwa, mzere wake unkaoneka ngati wojambula ndi rula. Bodza la Levulo linali pa kukula kwa sitima ndi kutentha kwa dzuwa. Pa khoma sankanama.

Wometa anasuzumira pakhomo la shopu, lumo lili m'manja.

"Bwana wa mizinda isanu ndi iwiri, simunamve mmene a ku ofesi ya mzinda anawerengera? Sanawerenge mitu. Anawerenga zitseko. Chitseko chimodzi choyang'ana panja, banja limodzi, fulati imodzi. Ine ndili nazo ziwiri, ichi cha shopu ndi cha kuseri. Andipatsa mafulati awiri."

"Iwe, chitseko chako cha kuseri chija si lata la mgolo?"

"Lata lomwelo landipezera nyumba," anatero Wometa, n'kubwerera pamutu wa kasitomala wake.

Mlongo wa Levulo anachotsa chala papepala. Anangomuyang'ana mchimwene wakeyo, chifukwa onse awiri anali atakumbukira chinthu chimodzi.

Zaka zitatu m'mbuyomo, mlamu wake atamwalira, Levulo anatenga mlongo wakeyo ndi ana ake awiri n'kuwamangira zipinda ziwiri zogundana ndi nyumba yake. Zinali ndi chitseko chakechake, chobiriwira, choyang'ana kungalande. Mayiyo ankasoka zovala za anthu, ankadziphikira yekha, ankadzitsekera yekha. Koma chaka chachiwiri ngalande inasefukira. Ngalandeyo inakumbidwa mzinda ukadali mwana, ndipo tsopano inkalandira madzi a madenga onse a kumtunda, pamodzi ndi mabotolo, majumbo ndi agalu akufa. Madzi analowa pa chitseko chobiriwira mpaka kulekeza m'mawondo, n'kuwononga nsalu za makasitomala. Levulo analumbira kuti zimenezo sizichitikanso iye ali moyo. Anazula chitsekocho, anatseka khomolo ndi njerwa, n'kuboola lina mkati, lotulukira pabalaza pake. Kuyambira pamenepo mabanja awiriwo ankatulukira khomo limodzi.

Tsiku limene owerenga nyumba anabwera, atsikana awiri a zipewa zachikasu atanyamula chitini cha penti, amene anawalandira anali iyeyo.

"Nyumba yonseyi ndi ya ndani, bambo?"

"Ndi ya amene mukulankhula nayeyu. Kuyambira maziko mpaka malata, manja awa."

Anawatengera pangodya, anaikapo levulo yake kuti aone kathovu kataima pakatikati. Atsikanawo anaseka, analemba 214 pachitseko, n'kumapita. Sanafunse kuti m'nyumbamo mumayaka mbaula zingati, ndipo iye sanaganize zowauza.

M'mawa mwake, mndandanda utatuluka, anavala jekete yake yogula kunja n'kukonzeka ulendo wa ku ofesi ya mapulani a mzinda.

"Izi ndi zazing'ono, mayi," anauza mkazi wake potuluka. "Ine ndinakanganapo ndi mainjiniya m'zilankhulo zitatu. Kalaliki wa pano andivuta chiyani?"

"Mukafika kumeneko mukalankhule chimodzi chokha, chomveka," anayankha mkaziyo osatukula mutu pa beseni.

Anaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Pakati pa holo panali tebulo lagalasi, mkati mwake muli mzinda wa mawa wopangidwa ndi makatoni: msewu wosalala, timitengo ta siponji, tianthu ta pulasitiki tikuyenda ndi tiagalu tawo. Levulo anawerama kufunafuna pamene panali nyumba yake. Anapezapo kapinga. Matebulo oterewa anali atawaona m'mizinda yonse imene anayendamo, ndipo nthawi zonse ankawasirira, poti iye ankakhala mbali ya omanga. Anali asanafunsepo kuti pansi pa kapingayo pankagona ndani.

Kalaliki anali bambo wa magalasi, wa nkhope yotopa.

"Nambala?"

"214. Koma nkhani yake ndi yakuti..."

"214, fulati C-40, nsanjika yachinayi. Anthu osapitirira asanu ndi mmodzi. Wotsatira."

"Dikirani kaye, achimwene. M'nyumbamo muli mabanja awiri. Ine, mayi akunyumba ndi ana awiri. Ndiye mlongo wanga, wamasiye, ndi ana akenso awiri. Tilipo asanu ndi awiri."

Kalaliki anatembenuza kompyuta kuti Levulo aone. Panali chithunzi cha nyumba yake, yooneka bwino kuposa zonse za mumzerewo, khoma loyera, ngodya zakuthwa.

"Mukuona zitseko zingati?"

"Chinalipo china. Ndinachitseka chifukwa cha madzi a ngalande yanu yomweyi."

"Bambo, chiyambireni sabata ino aliyense amene waima pamenepo anali ndi chitseko china. Wina dzulo anati anali nazo zinayi, zinapita ndi mphepo." Kalalikiyo anavula magalasi n'kutikita maso. Sanali munthu woipa. "Lamuloli si langa. Akuluakulu anati tikawerenga mitu, anthu aitanitsa abale awo onse akumudzi. Chitseko sichikwera basi. Koma tengani fomu iyi. Lachinayi kubwera injiniya. Akapeza umboni pakhoma woti panalidi khomo, mlongo wanu alowa m'kaundula. Musaboole nokha. Mukaboola, chimenecho ndi chinyengo, mutaya ndi yanu yomwe."

"Nanga asanu ndi awirife tikangolowa tonse, n'kupanikizana?"

"Pageti pali makadi. Asanu ndi limodzi pa fulati. Akuti mapaipi ndi masitepe anawayezera pamenepo."

Levulo anatuluka akuimba mluzu. Injiniya ndiye anali munthu wake. Anthu a ntchito imodzi sasowana chilankhulo.

Lachinayi injiniya anabweradi. Anali mayi wachitsikana, wovala nsapato za chitsulo kutsogolo, kahamala kali m'manja. Anthu oyandikana nawo anasonkhana, Wometa anasiya kasitomala mutu uli theka. Levulo anatsogola ngati akuonetsa alendo hotela ya kudoko ija.

"Linali apa, mayi injiniya. Kuyambira apa kulekeza apa."

Injiniya anayendetsa chikhatho pakhomapo. Anagogoda ndi kahamala kumanzere, pakati, kumanja. Kulira kwake kunali kumodzi.

"Khomo lotsekedwa silibisala," anatero. "Pulasitala amang'ambika m'mbali, kamzere kowonda ngati tsitsi. Pano sindikukaona."

"Simungakaone," anatero Levulo, chifuwa chitatukuka chokha chisanamufunse. "Ndinayala waya wa nkhuku pansi, n'kupaka khoma lonse kuchokera ngodya iyi mpaka iyo. Ndinaziphunzira kudoko zimenezo."

Mkazi wake anatsokomola.

"Tisende pulasitala, ndione njerwa," anatero injiniya.

Levulo anasenda yekha ndi tchizulo, pang'onopang'ono, ngati akuchotsa bandeji pa bala la mwana. Njerwa zinaonekera. Mmisiri wamba akamatseka khomo amangounjika njerwa m'bowomo, ndipo mbali zonse ziwiri kumatsala mzere woongoka kuchokera pansi mpaka pamwamba. Levulo sanali mmisiri wamba. Anali atazula njerwa za theka za m'mbali, imodziimodzi, n'kulumanitsa khoma latsopano ndi lakale ngati zala za manja awiri. Njerwazo sizinalinso zachilendo. Zinali zomwe anagumula poboola khomo la mkati, za uvuni umodzi, mtundu umodzi. Ngakhale mchenga anakautapa pomwe anatapa woyamba uja.

"Nanga mtanda wa konkire umene umakhala pamwamba pa khomo?"

Levulo analoza m'nyumba. "Ndinauchotsa. Ndinakauika pa khomo la mkati. Unali wabwinobwino, ndikanausiya bwanji m'khoma ukungogona?"

"Sitepe ya panja?"

"Ndinaiswa, kuti madzi asamaime."

"Chinalipo chitsekocho, mayi," analowererapo mayi wina wogulitsa makala. "Chobiriwira. Tonsefe tinkalowera pomwepo pokayezetsa madiresi."

Ena onse anavomera. Mlongo wa Levulo anagwira injiniya pamkono n'kulowa naye m'nyumba. Pafupi ndi makina osokera panali tebulo lodulirapo nsalu, thabwa lake lobiriwira, mabowo a mahinjesi akuonekabe.

"Ndi ichi, mayi. Sitinachitaye."

Injiniya anachiyang'ana nthawi yaitali. "Ndikukukhulupirirani nonse," anatero motsitsa mawu. "Koma chitseko chogona chingachokere kulikonse. Fomuyi ilibe poti ndilembe zimene ndamva. Ili ndi poti ndilembe zimene ndaona pakhoma, ndi chithunzi chake."

Anatulukanso, anajambula njerwazo, kenaka anatembenukira kwa Levulo.

"Bambo, ndayendera nyumba zoposa mazana atatu m'dera lino. Ntchito ngati iyi sindinaionepo. Khoma ili ndi limodzi, ngati silinakhudzidwepo chimangireni."

Zaka makumi atatu Levulo anakhala akudikira kuti injiniya adzanene mawu amenewo pamaso pa anthu. Mabwana a kudoko sanawanene. A kuchipululu sanawanene. Anabwera lero, pakhomo pake penipeni, dera lonse likumva. Ndipo mayiyo anawalemba pafomu n'kusainira.

Anthu anabalalika mwakachetechete. Palibe amene anamuseka, ndipo chimenecho n'chimene chinamupweteka koposa.

Dzuwa likupendeka anapita kushopu ya Wometa, n'kukhala pa benchi ya makasitomala, chipewa chili pabondo.

"Mnzanga, iwe uli nawo awiri."

"Ndinadziwa kuti mubwera." Ulendo uno Wometa sanaseke. Anapukuta lumo pa thaulo nthawi yaitali. "Yachiwiriyo ndalembetsa apongozi anga ndi ana a malemu mng'ono wanga. Mukuganiza kuti ndikatseka shopu ino pansi apa pamagona ndani? Tilipo khumi ndi mmodzi, a Levulo. Bulangete langa ndi lalifupi kale. Ndikafunditsa mlongo wanu, mapazi a wina atsala panja."

Levulo anagwedeza mutu n'kuvala chipewa.

Ku ofesi anabwererako katatu. Ulendo woyamba anamuuza kuti abwana ali kumsonkhano. Wachiwiri anamuuza kuti kaundula anatumizidwa kale kumwamba. Wachitatu kalaliki wa magalasi anangomuona pamzere n'kupukusa mutu ali patali, kuti asataye tsiku lake. Jekete yogula kunja ija inayamba kukhala pamsomali.

Lamlungu masana, kutatsala sabata kuti malole osamutsa anthu abwere, onse anali pabalaza akulonga katundu m'makatoni. Ana anali panja. Mlongo wake anapinda nsalu, anaipindanso, kenaka analankhula akuyang'ana pansi.

"Ndalankhula ndi azilamu anga. Akuti mtsikana wanga wamkuluyu angamutenge."

Levulo anasiya chingwe chimene ankamangira katoni. "Anthu aja? Amene anakulandani ndi mabulangete omwe maliro asanathe?"

"Akufuna wowalerera ana. Za sukulu akuti aziona m'tsogolo."

"M'tsogolo mwa anthu amenewo ndi m'manda," anatero mkazi wa Levulo. "Alamu, mwana ameneyo ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo m'kalasi mwake palibe womuposa. Sapita kulikonse."

"Nanga apite ndani, alamu? Asanu ndi awiri kuchotsapo mmodzi. Ndawerengera kumanja, ndawerengera kumanzere, sizikusintha. Wamng'onoyu sanayambe n'komwe sukulu. Ndikachoka ine, makinawa apalasa ndani? Ana anu sindingawatchule n'komwe."

Mkazi wa Levulo anatembenukira kwa mwamuna wake. "Inu a mizinda isanu ndi iwiri, nenani kanthu. Tsiku lililonse mumatidyetsa nkhani za kunja. Kumeneko zikatere amatani?"

Levulo anayang'ana khomo la mkati lija, ndi mtanda wake wa konkire utakhala bwinobwino pamwamba.

"Sindikudziwa," anatero. Mawu amenewo anali achilendo m'kamwa mwake, ndipo amayi awiriwo anatukula mitu. "Mafulati ngati amenewa ndinamanga ambiri. Koma olowamo sindinawaonepo. Tikamaliza ankatikweza lole kupita kwina. Ife tinkagona m'makontena, kuseri kwa mpanda." Anasisita msana. "Zaka khumi ndi zinayi ndagona m'kontena. Msana wanga ukuidziwa."

"Musayambe," anatero mkazi wake.

"Kampani ya msewu ikulemba amisiri omanga ngalande. Ili ndi kampu yogona antchito. Munthu ngati ine sangandibweze."

"Ndati musayambe. Zaka khumi ndi zinayi zomwezo ine ndinali pano, ndikulera ana ndi mawu a pafoni. Munabwera, munagwada pakhomo apo, munati mwabwereratu."

"Uku n'kufupi, mayi. Basi imodzi."

"Mukamange msewu pamwamba pa nyumba yanu yomwe?"

"Ukamangidwa ndi ena ukhala wokhota." Anayesa kuseka. "Mutu ukakula sulewa nkhonya."

"Mutu wanuwo unakula ndi kudzitama," anatero mkaziyo, ndipo anatembenukira kukhoma n'kuyamba kuchotsa kalendala imene inalibe chifukwa choichotsera.

"Achimwene," anatero mlongo wake, "khomo lija munalitseka kuti ine ndisanyowe. Sindinakudandaulenipo, ndipo sindidzakudandaulani."

"Ndikanalitseka mwaulesi ngati anzanga, bwenzi lero muli ndi nyumba yanu."

Mlongo wake anabwerera ku nsalu zake. Panja mtsikana uja ankaphunzitsa ang'ono ake kudumpha chingwe, akuwerenga mokweza.

Lolemba Levulo anavalanso jekete ija. Kalaliki wa magalasi anamva zonse, anamuyang'ana pamwamba pa magalasiwo.

"Kusintha mayina pa nambala yanu n'kotheka, koma mukudziwa kuti dzina likachoka m'kaundula silibwereranso?"

"Lembani la mayi akunyumba pamwamba. Pamalo pangapo muike mlongo wanga ndi ana ake. Muwerenge bwino, akwana asanu ndi mmodzi."

"Nanga inuyo tikulembeni kuti mukukhala kuti?"

"Ine ndagonapo m'mayiko anayi, achimwene. Pepala lanulo ndi laling'ono."

Tsiku logumula, malole ananyamula anthu ndi katundu wawo m'mawa. Chitseko chobiriwira chinakwera limodzi ndi makina osokera. Levulo anatsalira, chikwama cha zida chili paphewa. Makoma a anzake ankagwa katapila, chigalimoto chogumulira, akangowayandikira. Lake linafuna kugundidwa katatu, ndipo pogwa linagwa lonse lathunthu, osang'ambika pamene panali khomo paja. Anayang'ana uku ndi uku kuti auze wina. Panalibe aliyense womudziwa, koma woyendetsa katapila amene ankamukodola kuti achoke panjira.

Lamlungu lotsatira anasamba pampopi wa kukampu, anapukuta nsapato, n'kukwera basi imodzi ija. Mafulati anali ataima m'mizere ngati mabokosi a machesi, onse mtundu umodzi, zovala zitayanikidwa m'mawindo chifukwa wojambula mapulani anaiwala zingwe zoyanikira. Pageti mlonda anamuimitsa.

"Khadi, bambo?"

"Ndilibe. Ndikupita ku C-40, kwa akazi anga."

"Ndiye mulembe m'buku la alendo. Dzina, nthawi, ndi kumene mukupita. Alendo amatuluka sikisi koloko."

"Ngakhale mwini mkazi?"

"Ine ndimaona makadi, bambo. Za maukwati sanandipatse." Mlondayo anamupatsira cholembera chomangidwa ndi chingwe. "Mlendo ndi mame, amatero akulu."

Levulo analemba. Anakwera masitepe, akuwawerenga mwa chizolowezi, ndipo anapeza kuti a nsanjika yachitatu anali osiyana kutalika. Pa C-40 anaima. Mkatimo makina osokera ankalira. Mtsikana uja ankaloweza za kusukulu mokweza, ndipo mkazi wake ankakalipira wina kuti achotse nsapato pampando.

M'mbali mwa felemu ya chitseko munali kamng'alu kowonda ngati tsitsi, kochokera pamwamba mpaka pansi. Nyumba ya mwezi umodzi. Dzanja lake linapita lokha kuthumba la kumbuyo. Anaika levulo pafelemu, kathovu kanathawira kumbali n'kukakhala komweko. Anakayang'ana kwa kanthawi. Kenaka anabweza levulo m'thumba, anavula chipewa, n'kugogoda.

"Ndani?" anafunsa mkazi wake.

"Alendo, mayi."

Mkatimo makina osokera anaima.